Chithunzi cha M'chigafa

Alamu anga, alongo awo aakulu a malemu amuna anga, anandipeza ndikuchapa Loweruka lina m'chilimwe. Panali patapita zaka zambiri asanaponde pakhomo panga, moti galu wathu, amene anabadwa iwo atasiya kale kubwera, anawauwa mpaka mawu kusasa. Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Tinapatsana moni wautali uja wofunsana za ana, za mvula, za mbuzi, ndipo moniwo utatha ananena chimene chinawayendetsa. Kwawo ku Kabudula abale anali atagwirizana zomanga chiliza pamanda a mlongo wawo. Ankafuna kuti pachilizapo pakhale chithunzi chotsekera m'kagalasi, monga ayambira kuchitira anthu masiku ano. Ndiye anabwera kudzafunsa ngati ine ndinali ndi chithunzi chilichonse cha malemuwo.

Ndinangowayang'ana, manja ali thovu lokhalokha. Zithunzi zonse za amuna anga anatenga ndi iwo omwewa.

Kwathu kuno mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndipo amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, kufupi ndi Nsaru. Atamwalira anakawaika kwawo. Tsiku londisudzula, abale awo anabwera ndi ngolo. Anakweza njinga, wailesi, jekete, nsapato zakutchalitchi, jeke wodindira mabelo a fodya, ndi buku lathu la zithunzi za ukwati. Sindinalimbane nawo. Masiku amenewo munthu akanatha kusasula denga ine ndili m'nyumba momwemo osatukula mutu. Tsopano alamu anali kundiuza, maso ali pansi, kuti zithunzi zija anazisunga m'sutikesi kunsi kwa bedi, ndipo chiswe chinalowamo n'kudya zonse, kusiya mapulasitiki okha. Ndinafuna kuseka, koma kusekako sikunabwere. Ndinapukuta manja pachitenje n'kulowa m'nyumba.

Chinalipo chimodzi chokha. Chaka chimene tinakolola fodya wabwino kuposa zaka zonse, kunadutsa wojambula wina wa panjinga, wa aja ankayenda mudzi ndi mudzi Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Amuna anga anamukokera kuchigafa, komwe tinkaumitsira fodya. Sankafuna kwenikweni kujambulitsa nkhope yawo. Ankafuna kujambulitsa fodyayo, iwo angoimapo ngati mboni. Ndiye pachithunzipo masamba alendewera pamwamba, kumbuyo, m'mbali monse, ndipo munthuyo waima pakati, wamng'ono ngati chala, atagwira tsamba limodzi pachifuwa. Tsiku la ngolo lija alamu anachinyamula, anachiyang'ana, n'kunena kuti ichi n'cha fodya, n'kuchisiya pawindo. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zokongola zonse zinapita, ine n'kutsala ndi chonyozekacho.

Ndinachikhomera pakhoma ndi kamsomali, moyang'anizana ndi windo, ndipo chinakhala pamenepo zaka zonsezo. Dzuwa la m'mawa linkachinyambita tsiku ndi tsiku. Ine ndinasiya kuchiona, monga munthu amasiyira kuona msomali wa pakhoma. Nditachichotsa tsiku limenelo n'kutuluka nacho poyera, ndinapeza kuti mitundu yonse inathawa kalekale. Malaya, nkhope, fodya, mitengo ya chigafa, zonse zinali zitasanduka mtundu umodzi, ngati banga la tiyi pansalu ya patebulo. Alamu anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, kenako anausa moyo n'kunena kuti ichi sichingakhale pachiliza, anthu angamafunse kuti munthuyo ali pati.

Mwana wanga wamkazi anali kukhitchini, makutu ali kunja. Bambo ake anamwalira iye akuphunzira kumene kuyenda, ndipo panthawiyi anali kusekondale, wamtali kundiposa. Sankafunsa zambiri za bambo ake. Mwina anaona kuti ndikafunsidwa ndimayankha ngati ndikuwerenga chikwangwani cha pamsewu. Anatuluka, anagwada n'kupereka moni kwa azakhali akewo, kenako ananena kuti ku Nsaru kuli bambo ena a kompyuta amene amabwezera mitundu pa zithunzi zofwifwa. Alamu anavomera, nati adzatuma munthu kudzatenga chikakonzedwa. Atapita, mtsikanayo anakhala ndi chithunzicho m'manja nthawi yaitali.

"Amayi, ndipita nanu," anatero. "Ndikufuna ndiwaoneko bwinobwino, ngakhale kamodzi."

Sanali kufunsa. Ndinabwerera ku zochapa zanga.

Alongo anga, amene ndi eni mbumba pamudzi pathu, atamva nkhaniyi anapsa mtima m'malo mwanga. Anati anthu amene anakweza ngolo mpaka nsapato asapatsidwe kanthu, ngati akufuna chithunzi akajambule okha ndi khala pasimentipo. Ndinawasiya alankhule mpaka atope. Mkwiyo umafuna nkhuni, ndipo ine zanga zinatha kale. Chimwalirireni amuna anga ndinkangodzuka, kusesa, kupita kusukulu, kubwera, kupita kudimba. Fodya ndinasiya kulima. Chigafa chinapendekeka chaka china, chinagwa chaka chotsatira, mitengo yake tinaphikira. Kutchalitchi amayi ankandiloza kwa amasiye atsopano kuti taonani mnzanu wolimba mtima. Sindinkawatsutsa, koma panalibe chimene ndinkalimba nacho. M'katimo munangokhala chete, ndipo ndinazolowera.

Tinapita tsiku la msika, aliyense pa kabaza wake, chithunzi chili pakati pa buku la nyimbo kuti chisapindike. Bambo a kompyutawo ndinkawadziwa kale. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mayeso a kumapeto kwa teremu tinkakataipitsa kwa iwo. Kashopu kawo kanali pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mbewu, kachipinda kamodzi konunkha inki ndi fumbi, kodzaza mafoni a anthu otchajitsa. Anali munthu wachikulire, mkulu wa mpingo kwawo, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akupempherera chakudya. Kompyuta yawo inali nkhalamba inzawo. Inkalira ngati chigayo chakutali, ndipo akaiyatsa umatha kupita kukagula tomato n'kubwera isanadzuke.

Anagoneka chithunzicho chafufumimba pa galasi la makina ena, kuwala kunayenda pansi pake, kenako amuna anga anatulukira pa sikirini. Bambowo anawakulitsa mpaka nkhope inafanana ndi chikhatho changa. Aka kanali koyamba kuiona yaikulu chotero chiwaikireni m'manda. Ndinadikira kuti mumtima muchitike kanthu, koma simunachitike. Zinali ngati ndikuyang'ana munthu wa pa kalendala ya ogulitsa feteleza. Mwana wanga anaima kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamva mpweya wake pakhosi.

Kenako bambowo anatsegula kawindo kena pambali pa chithunzicho. Munali timabokosi ting'onoting'ono tambirimbiri, tondandalikidwa m'mizere ngati mabedi a nazale, kalikonse ndi mtundu wake. Anatifotokozera kuti chithunzi chonsecho chapangidwa ndi mitundu ya m'timabokosi timeneti basi, palibenso ina. Pa chithunzi chabwino, anatero, timabokosito timakhala tosiyanasiyana ngati zitenje zapamsika. Tathu tonse tinali ta tiyi: tiyi wopanda mkaka, tiyi wamkaka, tiyi wochuluka madzi. Pansi pake panali timizere titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, kalikonse ndi kachikhomo kokokera uku ndi uku. Ukasankha kabokosi n'kukoka, mtundu wake umasintha iwe ukuona, ndipo pachithunzipo pamasinthanso nthawi yomweyo.

Anatichenjeza chinthu chimodzi. Pulogalamu yawo inali yakale, yosadziwa kuti apa ndi pamphuno, apa ndi patsamba. Za m'tauni, akuti, zimatha kupaka nkhope yokha ngati ndi burashi. Yawoyi ukasintha kabokosi kamodzi, paliponse pamene pali mtundu umenewo pamasintha, kaya ndi pamunthu, kaya ndi pamtengo. Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu amene sanamve koma akufuna kuti aphunzitsi apitirire.

Tinayamba ndi malaya. Awa sanandivute. Anali abuluu, ndinawagula ndekha pa kaunjika, ndipo kolala yake itaperepeseka ndinaitembenuza ndi singano. Bambowo analoza pamalaya ndi kamuvi, kabokosi kena kanaphethira, anakoka kamzere kabuluu, ndipo pamalayapo panabuka timadontho ngati chikuku. Anachita chimodzimodzi ndi timabokosi toyandikana nako, kamodzikamodzi, mpaka madonthowo analumikizana n'kukhala malaya. Kachidutswa ka thambo kumapeto kwa denga nako kanasanduka kabuluu popanda wokauza, ndipo tinati zatithandiza. Pena dzanja lawo linaterereka, amuna anga n'kubiriwira kuyambira pamphumi mpaka m'khosi ngati bilimankhwe. Mwana wanga anaphulika nako kuseka. Bambowo anabweza msangamsanga n'kupepesa kawiri, kwa ine ndi kwa malemu.

Atamaliza malaya anatsamira kumbuyo n'kukonza magalasi awo.

"Tsopano nkhope, aphunzitsi. Kodi malemuwa anali a khungu lotani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, chifukwa ndi funso limene mkazi aliyense amayankha asanaganize. Panalibe chotuluka. Ndinkadziwa saizi ya nsapato zawo. Ndinkadziwa kuti sankadya therere, kuti poimba nyimbo za m'buku ankathamanga n'kusiya mpingo wonse m'mbuyo, kuti anali ndi chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu. Anthu ankati anali ofiirira. Ndinanena mawu amenewo, ndipo bambowo anandionetsa mwaulemu kuti kufiirira kulipo kwa mitundumitundu. Kachikhomo kaja sikamva mawu, kamafuna ukaimike pamalo amodzi.

Anakokera mbali ina, nkhope inada. Anafunsa ngati ndi choncho, ndinati kaya. Anakokera mbali inayo, inayera, ndinatinso kaya. Anayesa pakati, anayesa pang'ono chauko. Kenako anayamba kundilozera anthu odutsa pakhomo. Ngati bambo a mbewuwa? Ngati uyo wasenza mtolo wa nzimbeyo? Ngati a kabaza aima apowo? Ndinayang'ana amuna onse a msika wa Nsaru tsiku limenelo kuposa mmene ndinawayang'anirapo ndili mbeta, ndipo aliyense ankaoneka kuti mwina ndi choncho, mwina ayi.

Chimene chinkabwera m'maso mwanga chinali nkhope ina. Amuna anga anadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo miyezi yomaliza tinaithera kuchipatala ku Namitete, ine ndikugona pansi pambali pa bedi. Kumeneko khungu lawo linada n'kutuwa nthawi imodzi, ngati kunsi kwa mphika wophikira pankhuni. Nkhope imeneyo ndinaisambitsa, ndinaidzoza mafuta, ndinaipukuta thukuta, mpaka ndinaitseka maso. Inakhala pamwamba pa nkhope zina zonse ndipo sinasunthepo. Ya mnyamata amene anadzandifunsira, ya tsiku la ukwati, ya m'chigafa muja, zonse zinakwiririka pansi pake. Sindinkadziwa n'komwe kuti zinapita, mpaka tsiku limenelo pamene munthu anandifunsa funso lophweka.

Sindinganene kuti zinandipweteka. Zinali ngati mwendo ukachita dzanzi, ukuutsina ukuona ndi maso koma osamva. Chimene ndinamva ndi manyazi, chifukwa mwana wanga anali atasiya kuyang'ana sikirini n'kumayang'ana ine.

Bambowo, pofuna kundipulumutsa, anati nthawi zambiri mwana amatengera khungu la bambo ake, ndiye mtsikanayu ayandikitse mkono tifanizire. Iye sanachedwe. Anaugunditsa pagalasi, pafupi ndi tsaya la bambo akewo, n'kuima chilili ngati pa asembule. Ndinauyang'ana mkonowo. Unali wanga. Ine ndine wakuda bii, a kwathu tonse tili choncho, ndipo mwanayu anatengera ine kuyambira tsitsi mpaka zikhadabo, moti azakhali ake ankachita kunena pamaliro pomwe. Ndinati ayi, bambo ake sanali otere. Anachotsa mkonowo pang'onopang'ono n'kuubisa kumbuyo.

Pamenepo panalowa anthu awiri ofuna makadi a ukwati, achangu, okangana za maluwa oika m'mphepete. Bambowo anaimirira, anandikankhira kachipangizo kokokera kaja, kamene amati mausi, nati ndiziyesa ndekha, palibe chimene ndingaononge, zonse zimabwezeka. Ine ndagwira choko zaka zambiri, koma chinthu chimenechi ndinali ndisanachigwirepo. Kamuvi kankangothawira kumakona. Mwana wanga anaika dzanja lake pamwamba pa langa n'kulitsogolera mpaka pa kamzere kofiira.

Ndinakoka. Nkhope inafiira, ndipo ndi pamene ndinaona chimene bambo aja anatichenjeza. Fodya yense anafiira nayo limodzi. Dzuwa la pawindo langa linali litafwifwitsa munthu ndi masamba mpaka kuwaika m'timabokosi timodzimodzi. Nthawi yonseyi maso anga anali pankhope, osaona kuti kumbuyo kwake chigafa chonse chikuda ndi kuyera pamodzi nayo. Tsopano nditayang'ana fodyayo, china chake chinandinyansa. Anali wolakwika. Anali wofiira ngati fodya amene wadontheredwa ndi mvula n'kuyamba kuwola, fodya amene amuna anga sakanalola kuti munthu amuone, osanenanso zomujambulitsa.

Fodya wa chaka chimenecho ndinkamudziwa. Mvula inagwa bwino n'kusiya pa nthawi yake. Ndinamusoka ndi manja anga, ndinamupachika, ndipo atauma ndinamusankha tsamba ndi tsamba m'mamawa, chinyezi chisanachoke, nditakhala pa chiguduli, mimba ya mwana yemweyu ili patsogolo. Kusankha fodya ndi ntchito ya maso. Umatambasula tsamba pabondo, umaliyang'ana kamodzi n'kuliponya pa mulu wake, lotuwa la pansi uku, lofiira la kunsonga uku, lamawanga uko. Amene anali pachithunzipo anali wa pakati pa tsinde, wa masamba otambalala, amene tinamupachika kutsogolo dala kuti odutsa m'njira aziona. Mtundu wake unali wa tiyi wothira mkaka pang'ono, wowala ngati wadzozedwa mafuta, mitsempha yake yoderapo.

Ndinachepetsa kufiira. Ndinapitiriza muyeso, ndinabweza pang'ono. Ndinasuntha kobiriwira pang'onong'ono, chifukwa ndinaona kuti ndi kamene kamabweretsa chikasu. Kabokosi kameneko katakhala bwino ndinauza mwana kuti tipite pa kena, ka m'mphepete mwa masamba, kenako ka m'mithunzi, kenako ka mitsempha. Apa sindinanene kuti kaya ngakhale kamodzi. Dzanja linkadziwa poima, monga linkadziwira mulu woponyapo tsamba. A makadi aja anakangana, anagwirizana, anapita. Ena anabwera kudzatenga mafoni awo, ine osamva. Sindikudziwa kuti dzanja la mwana wanga linachoka liti pa langa. Nditafika pa kabokosi komaliza chigafa chinali chitabwerera, moti m'mphuno munayamba kundiyabwa ngati ndiyetsemule.

Ndi pamene ndinazindikira kuti kumbuyo kwanga kuli zii. Ndinatsitsa maso kuchoka pamasamba.

Pakati pa fodyayo panaima mwamuna wofiirira, wa malaya abuluu, pamphumi pakuwala, masaya odzaza, akudziletsa kumwetulira monga ankachitira anthu pojambulitsa masiku amenewo. Anali wamng'ono. Msinkhu umenewo ine ndinaudutsa kalekale, ndipo akanakhala mphunzitsi watsopano pasukulu pathu ndikanamamutuma kukatenga choko. Ndinamuyang'anitsitsa, ndikufunsa mumtima ngati ndi iyeyo. Mtima sunati inde, sunatinso ayi.

Bambo a kompyuta anabwera, anasuzumira, n'kunena kuti mwawapezatu aphunzitsi. Anafunsa ngati adule fodyayo kuti patsale mutu ndi mapewa, monga zimakhalira paziliza. Ndinati amusiye. Anasindikiza ziwiri, china cha kumanda, china cha mwana. Titatuluka ndinamva njala yoopsa, ndipo tinaima pa chiwaya n'kudya tchipisi chiimirire, envelopu ili m'khwapa mwa mtsikanayo.

Wotumidwa ndi alamu anachedwa kubwera, ndiye chithunzi cha kumandacho chinakhala nafe kanthawi. Ndinachiika m'kabati, pakati pa mbale za alendo. Nthawi zina ndikamasesa ndinkachitulutsa, ndikuganiza kuti mwina ndikachidzidzimutsa m'mawa, mutu usanadzaze ndi za kusukulu, ndimuzindikira. Maso ankaima pankhope kanthawi, mwaulemu, monga umachitira ndi mlendo, kenako ankakwera okha kupita kumasamba. Kumeneko ankapeza tsamba lina long'ambika kunsonga, limene ndinkakumbukira kuti tinakangana ngati likhale kutsogolo kapena libisidwe. Mkanganowo ndinkaukumbukira wonse, mawu ndi mawu, koma pakamwa pamene pankatuluka mawuwo osapaona.

Chiliza anachivundukula mvula isanayambe. Tinapita ku Kabudula pa lole ya munthu wina wa mumpingo mwathu. Kunali nyimbo, mkulu wa mpingo anawerenga mawu n'kupemphera, kenako atsibweni a malemu anachotsa nsalu yoyera. Chithunzi chinali pamwamba pa dzina, m'kagalasi kozunguliridwa ndi simenti. Alamu anagwada, anachiyang'ana, n'kuyamba kulira akuti ndi iyeyu, ndi mlongo wanga ndithu. Amayi ena anawathandiza kulira. Kumbuyo kwanga abambo awiri ankanong'onezana, wina akuti malemu anali oderapo kuposa apa, wina akuti ayi, mwaiwala, anali oyererapo. Mkulu wina wa ndodo anawerama nthawi yaitali, n'kuweramuka akupukusa mutu, akuti fodya ngati uyu masiku ano kulibe. Ndi yekhayo amene ndinagwirizana naye ndi mtima wonse.

Ine ndinaima pamene anandiimika, ndinaimba pamene ena ankaimba. Mwambo utatha alamu anandigwira manja onse awiri nati ndawachotsa manyazi, ndipo ndinayankha monga amayankhira anthu. Ndinaonanso kuti manda a amuna anga ali cha kumphepete, kumene mitengo inathera, ndipo kagalasi kaja kayang'ana kotulukira dzuwa. Ndinadziwa kuti pakapita zaka zingapo lidzachita zomwe linachita pakhoma panga. Sindinauze munthu.

Pobwerera tinakhala kumbuyo kwa lole, fumbi likutithira. Mwana wanga anatulutsa chithunzi chake mu envelopu, imene anayenda nayo tsiku lonse, n'kuchigwira ndi manja awiri kuti mphepo isachitenge. Zimene ankanong'onezana abambo awiri aja iye anazimva, makutu ake sagona.

"Amayi, ndiye anali chonchi eti?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Azakhali ake anali atanena kale, misozi ili mboni, ndipo ine ndine ndani kuti nditsutse. Komanso mphunzitsi sazolowera kunena kuti sindikudziwa pamaso pa mwana. Ndinayang'ana mwamuna wa malaya abuluu uja, ndinadikiranso, lole ikudumpha m'maenje.

"Fodyayo anali chonchi, mwana wanga," ndinatero. "Za fodyayo ndikutsimikiza."

Sanafunsenso. Anayang'ana chithunzicho mpaka tinadutsa pamlatho, kenako anaona kuti dzuwa likuchiomba, ndipo anachitembenuzira pachifuwa pake.